Mapu akatuluka mbuu: kuthetsa mavuto pofufuza mabwinja obisika m'nthaka

Anthu amene angoyamba kufufuza mabwinja a anthu akalekale ndi makina oona za pansi amabwera ndi madandaulo awiri, ndipo ndawamva kambirimbiri. Wina amati, "Tayenda munda wonse masiku atatu, mapu atuluka mbuu, palibe chooneka." Mnzake amati, "Athu adzaza madontho, takumba pomwe panada kwambiri, tatulutsa chidutswa cha pulawo." Woyambayo amafulumira kulemba kuti pamalopo palibe chakale. Wachiwiriyo amataya chikhulupiriro mwa makinawo. Koma onse awiri apunthwa pa mwala umodzi: akuganiza kuti makinawa amaona zakale.

Makinawa sadziwa zaka. Ntchito yawo ndi kuyeza kusiyana kwa dothi la apa ndi dothi la apo: kuti ili lili ndi mphamvu ya maginito yochulukirapo, ilo likulola magetsi kudutsa mosavuta, linalo likubweza mafunde a rada. Dzenje lakale likafanana ndi dothi lolizungulira pa chimene mukuyezacho, silioneka, ngakhale likule ngati nyumba. Ndipo waya wa dzulodzuloli akagona pansi, makina amamulemba momveka kuposa manda a zaka 5,000.

Vutoli limakula pa mabwinja a nthawi imene anthu anali asanayambe kulemba. Tauni ya Aroma imasiya makoma a miyala, misewu ndi ng'anjo. Pomwe Martin Aitken ankayesa magnetometer, makina oyeza mphamvu ya maginito, mu 1958 ku Water Newton, ku England, ankasaka ng'anjo zootchera mbiya za Aroma, ndipo anaipezadi, chifukwa dothi lopsa kwambiri limafuula. Nanga mlimi wa zaka 6,000 zapitazo anasiya chiyani? Maenje a mizati yomwe inaola kalekale, nkhuti, ngalande yokwiririka, ndi pomwe ankasonkha moto. Lonseli ndi dothi lobwerera m'dothi. Msaki wa nthawi ya zida zamiyala anasiya zochepa kuposa pamenepo.

Zinthu zikavuta, ine ndimayamba ndi munthu wonyamula makina, kenako makinawo, kenako dothi, pomaliza maso a womasulira mapu. Ndimatero chifukwa zoyambirirazo n'zosavuta kukonza, ndipo nthawi zambiri vuto limakhala komweko.

Dzisecheni kaye nokha

Mphamvu ya maginito ya dziko lapansi imayezedwa mu ma nanotesla, ndipo imakhala pakati pa 25,000 ndi 65,000, malingana ndi kumene muli. Nkhuti yakale imawonjezerapo mwina 2 kapena 5 okha, nthawi zina osafika ndi 1 yemwe. Kuli ngati kumvetsera kunong'ona mutaima pa mathithi. Kachitsulo kalikonse ka pathupi panu kali pafupi ndi sensa (kachipangizo komvera maginito m'makinawo) kuposa nkhutiyo, choncho kamaiphimba.

Foni, makiyi ndi wotchi aliyense amakumbukira kusiya. Zimene zimapulumuka ndi zipi wa buluku, chitsulo cha lamba, mafelemu a magalasi, timabatani ta jekete, ndi nsapato. Ine nsapato zinanditayitsa tsiku lathunthu. Zinalibe chitsulo kumphuno, koma m'kati mwa chidendene munali kachitsulo kolimbitsa, ndipo mapu a tsikulo anali ndi timadontho totsatizana bwinobwino, phazi lililonse kadontho kake. Kuyambira pamenepo sindilola munthu kunyamula makina asanayesedwe. Kuyesako n'kosavuta: wina agwire makina osawasuntha, inu muyandikire pang'onopang'ono, mubweretse phazi pafupi ndi sensa, kenako chiuno, kenako mutu. Manambala akagwedezeka, pali chimene simunavule.

Galimoto muimike kutali, mamita 30 kapena kupitirira. Zikhomo za gridi, timabokosi timene mumagawa munda kuti muuyeze, zikhale za mtengo kapena pulasitiki. Mpanda wa waya, mapaipi ndi mapolo a magetsi simungazichotse, ndiye zijambuleni pa pepala musanayambe, kuti madzulo musadzadabwe ndi mdima umene uli m'mbali mwa mapu.

Mizeremizere, mano a sowo ndi mabokosi osagwirizana

Mapu akaoneka ngati nsalu yamizere, mzere wowala kutsatana ndi wakuda mpaka kumapeto, ndiye kuti makina sanakhazikitsidwe bwino. Makina ofala kwambiri pa ntchitoyi ali ndi masensa awiri pa ndodo imodzi, ina m'munsi ina m'mwamba, motalikirana theka la mita kapena mita imodzi, ndipo amalemba kusiyana kwa awiriwo. Masensawo akapanda kulunjikana ndendende, manambala amasintha mukangotembenuka, kotero ulendo wopita ndi wobwerera sugwirizana. Yatsani makina msanga, akhale panja mphindi 20 kapena 30 kuti azolowere kutentha kwa tsikulo. Pezani kamalo kachete, kumene manambala sasintha mukasuntha pang'ono, mukhomepo chikhomo, ndipo muzibwerera pomwepo kukakhazikitsanso ziro pakapita magridi angapo. Dzuwa likakwera kapena mitambo ikaphimba mwadzidzidzi, bwereraniko msanga, chifukwa kusintha kwa kutentha kumasuntha manambala pang'onopang'ono, ndipo n'chimene chimachititsa kuti gridi ina ioneke yakuda kuposa yoyandikana nayo.

Ngalande yowongoka ikaoneka ngati mano a sowo, vuto ndi mayendedwe. Makina amalemba motsata nthawi, ndipo amayembekeza kuti kulira kwawo kulikonse kukupezeni pa chizindikiro cha chingwe chimene mukutsata. Mukachedwa ndi theka la phazi popita, muchedwanso pobwerera, ndipo kulakwako kumawirikiza chifukwa kukuloza mbali zosiyana. Chepetsani liwiro limene mwaika m'makina. Pamalo otsetsereka, kapena munthu akatopa, ndi bwino kuyenda mbali imodzi yokha n'kumabwerera chabe, ngakhale zimadya nthawi.

Pulogalamu ya pakompyuta imatha kufafaniza mizereyi, koma apa mpofunika kusamala kwambiri. Njira yofala imakokera manambala a mzere uliwonse kuti pakati pawo pakhale ziro. Ngalande yakale ikakhala kuti yagona motsata mmene munkayendera, pulogalamu imaiona ngati cholakwa cha makina, n'kuifafaniza pamodzi ndi mizereyo. Ndaonapo mpanda wa mudzi wakale ukutuluka ndi mbali ziwiri zokha chifukwa cha zimenezi. Ngati zithunzi za m'mlengalenga kapena maonekedwe a malo akukuuzani kumene zinthu zagona, yendani mozidula, osati mozitsata. Ndipo manambala oyambirira, osakhudzidwa, asungeni padera nthawi zonse.

Mwina zilipo, koma mwazibisa nokha

Mapu ambiri "opanda kanthu" amene anthu anandionetsa anali ndi kanthu. Kompyuta ikasiyidwa kuti isankhe yokha mitundu, imatenga nambala yaikulu kwambiri n'kuipatsa kuda, yaing'ono kwambiri n'kuipatsa kuyera. Chitsulo chimodzi cha ma nanotesla 500 chikakhala m'munda, zonse za 2 ndi 3 zimasanduka imvi imodzimodzi. Uzani kompyuta kuti ionetse kuyambira -2 kufika +2, kapena -3 kufika +3, ndipo muone zimene zituluke. Yesani malire angapo, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachiwiri ndi kutalikirana kwa mizere. Kawirikawiri anthu amayenda mizere yotalikirana mita imodzi, makina akulemba pa masentimita 25 alionse. Pa ngalande ndi maenje aakulu zimakwanira. Koma dzenje la mzati lotambalala masentimita 30 likhoza kukhala pakati pa mizere iwiri osakhudzidwa, kapena kukhudzidwa ndi nambala imodzi yokha imene pulogalamu ingaitaye ngati phokoso. Mukafuna nyumba za mizati, fupikitsani mizere ifike theka la mita kapena masentimita 25. Simuyenera kutero munda wonse. Yendani mwamtali kaye, kenako mubwerere mwatsatanetsatane pomwe pakukayikitsa.

Palinso kuchepa kwa malo. Gridi imodzi ya mamita 20 mbali zonse singakuonetseni mpanda wozungulira wa mamita 100. Muona kamzere kopindika kamene simungakamasulire. Ntchito ya Stonehenge Hidden Landscapes, imene inayamba mu 2010 mogwirizana pakati pa University of Birmingham ndi Ludwig Boltzmann Institute ya ku Austria, inayeza malo oposa masikweya kilomita 10 ndi masensa ambiri okokedwa ndi timagalimoto. Mu 2020 analengeza kuti kuzungulira Durrington Walls, bwinja lalikulu la pafupi ndi Stonehenge ku England, kuli maenje akuluakulu pafupifupi 20, lililonse lotambalala mamita 10 kapena kuposa, atandandalikidwa mozungulira pa mtunda wa makilomita 2 kuchoka mbali ina kufika ina. Ena mwa maenjewo anali ataonedwa kale payekhapayekha n'kuyesedwa zachilengedwe. Mndandanda wake unaoneka chifukwa mapu anali aakulu.

Dothi lenilenilo likakana

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa ndi pamene anthu amataya ndalama zambiri. Kuti mudziwe chifukwa chake magnetometer yalephera, muyenera kudziwa chifukwa chake imatha kuona dzenje poyamba pomwe.

Mu 1955 katswiri wa ku France, Le Borgne, anaonetsa kuti dothi lapamwamba limakhala ndi mphamvu ya maginito yoposa ya dothi lapansi pake. Moto ndiwo umachita zambiri. Dothi lili ndi dzimbiri la chitsulo, lambiri la mtundu wa haematite, limene maginito ake ndi ofooka. Likapsa mpweya uli wochepa, limasanduka magnetite, ndipo pozizira limatha kusanduka maghemite. Ziwirizi zili ndi mphamvu yochuluka. Tizilombo ta m'nthaka ndi zinyalala zoola zimathandiziranso. Pomwe anthu akhala nthawi yaitali, akuphika, akutaya phulusa ndi mapale, dothi lapamwamba limalemera ndi mphamvuyi. Ngalande ikakumbidwa mpaka m'dothi lapansi n'kudzakwiririka pang'onopang'ono ndi dothi lolemeralo, imaoneka ngati mzere wakuda pa mapu. Ndiponso dothi likapsa kupitirira madigiri pafupifupi 580, magnetite imene ili m'kati imasunga mbali imene maginito a dziko ankaloza pamene dothilo linkazizira, n'kusanduka maginito paokha.

N'chifukwa chake mapu a midzi ikuluikulu ya anthu akale otchedwa a Trypillia ku Ukraine amasangalatsa maso. Ku Maidanetske, mudzi wa mahekitala pafupifupi 200 wa zaka zoyandikira 6,000 zapitazo, magnetometer inaonetsa nyumba pafupifupi 3,000 zitandandalikana mozungulira. Nyumbazo zinali zomata ndi dothi, ndipo zinapsa ndi moto waukulu. Munthu akaona mapu otere amayembekeza kuti akenso adzatuluka chimodzimodzi, osadziwa kuti kumeneko moto unagwira kale theka la ntchito.

Tsono onani mmene zimakanikira. Dothi likakhala losauka chitsulo, monga mchenga woyera kapena dothi la zomera zoola la m'madambo, moto ulibe chosandutsa. Malo akakhala m'madzi nthawi yaitali, dzimbiri lija limasungunuka n'kuchoka, ndipo mphamvu imene inalipo imatha. Dzenje likakumbidwa n'kukwiriridwa tsiku lomwelo ndi dothi lomwe linatulukamo, monga mmene amachitira ndi manda, kusiyana kumakhala kochepa kwambiri. Anthu akangokhala pamalo nyengo imodzi, sasiya phulusa lokwanira. Ndipo pali chizolowezi china chimene chimasokoneza ambiri: ngalande imaoneka bwino pafupi ndi pakati pa mudzi, n'kumazimirira mukamatalikira. Siinathe ayi. Kungoti kutali ndi nyumba inadzazidwa ndi dothi lopanda phulusa.

Mbali ina ya vutoli ndi phokoso lochokera m'miyala. Thanthwe lochokera ku chiphalaphala cha pansi pa dziko, monga basalt ndi dolerite, lili ndi maginito amphamvu mwachibadwa. Ngakhale timiyala take tomwazika m'munda timadzaza mapu ndi madontho akuda ndi oyera, ndipo nkhuti ya ma nanotesla 3 imamira. Pamalo otere musalimbane nazo, sinthani njira.

Kenako pali kuya. Mphamvu ya kanthu kakang'ono imatsika msanga kwambiri: mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvuyo imatsala gawo limodzi mwa magawo 8. Mabwinja ambiri a nthawi yakale ali m'mbali mwa mitsinje, kumene madzi osefukira aunjika matope mamita awiri kapena atatu pamwamba pake. Magnetometer yonyamula pamanja imaona bwino mita yoyamba, kupitirira apo imangomva zazikulu ndi zopsa kwambiri.

Mankhwala a zonsezi ndi otsika mtengo, koma anthu amawalumpha: boolani dothi musanayende. Tengani chiboolero cha pamanja, muboole malo angapo, muone kuya kwa dothi lapamwamba, chimene chili pansi pake, ndiponso ngati pali dothi lakuda lokwiririka limene linali pamtunda kale. Mukakhala ndi kachipangizo koyezera mmene dothi limalandirira maginito, yezani lapamwamba ndi lapansi. Manambala awiriwo akayandikana, mwadziwiratu kuti magnetometer idzavutika. Yang'ananinso mapu a miyala ya deralo. Tsiku limodzi lotere limapulumutsa sabata.

Mukapeza kuti matope ndi akuya, sinthani funso. Lekani kufunsa kuti nyumba zili pati, mufunse kuti mtunda wakale unali wotani. Njira zoyeza magetsi mozama, ndi ndodo zambiri pa mzere umodzi, komanso makina a mafunde a magetsi osafuna kukhoma kanthu pansi, zimaonetsa kumene mtsinje unkadutsa kale, kumene kunali zilumba za mchenga ndi zitunda zouma. Anthu ankakhala pouma pafupi ndi madzi. Pa mabwinja a asaki a nthawi ya zida zamiyala, iyi ndiyo njira imene ndimaikhulupirira: makina apeze chitunda, chiboolero ndi sefa zipeze zida.

Pali kanthu kena kamene mabuku ambiri sakatchula mokwanira, poti analembedwa ku Ulaya ndi ku North America. Kumeneko mphamvu ya maginito ya dziko imalowa pansi mopendekeka kwambiri, ndipo dzenje limaoneka ngati dontho lakuda lokhala ndi kamthunzi koyera kumpoto kwake. Kum'mwera kwa dziko lapansi kamthunziko kamakhala kum'mwera. Pafupi ndi mzere wa ikweta, pakati pa dziko lapansi, mphamvuyo imayenda chogona, maonekedwe amasinthiratu, ndipo ngalande yoloza kumpoto ndi kum'mwera imatha kufooka kwambiri pamene yopingasa ikuoneka. Musamasulire mapu a dera lina ndi maso a dera lina.

Makina a magetsi: vuto ndi nyengo

Njira yolowetsa magetsi m'nthaka, ya resistivity, ndi yakale kuposa ya maginito. Richard Atkinson anaigwiritsa ntchito mu 1946 ku Dorchester-on-Thames pa mabwinja a alimi oyambirira. Chimene imayeza kwenikweni ndi chinyontho. Ngalande yokwiririka imasunga madzi, magetsi amadutsa mosavuta. Mwala ndi wouma, magetsi amavutika. Choncho mapu anu amadalira mvula ya masabata apitawo. Nthaka ikakhuta madzi paliponse, kusiyana kumatha. Ikaumiratu, kumathanso. Pa nthaka zina ngalande imodzimodziyo imaoneka yonyowa mwezi uno n'kudzaoneka youma kuposa pozungulira mwezi wina, chifukwa dothi lake lofewa limataya madzi msanga. Mapu opanda kanthu a njira iyi ndi chifukwa chobwerera nyengo ina, osati chotsekera nkhani.

Manambala akamalumpha mopanda dongosolo, apa 60 apo 900, ndodo sizikugwira bwino dothi. Zimachitika pouma, pa miyala, kapena waya akayamba kuduka m'kati pafupi ndi pulagi. Gwedezani wayayo makina ali chiimire muone ngati nambala isintha. Pa kachitidwe kofala, ndodo ziwiri zoyenda nazo zimatalikirana theka la mita ndipo zimamva mpaka kuya kosapitirira mita imodzi, pamene ziwiri zina zimakhomedwa patali. Patalipo pasachepere mamita 15 kuchokera pomwe mukuyeza, apo ayi mapu amada mbali imodzi mukamaziyandikira. Ikafika nthawi yosamutsa ndodo zakutalizo, siyani zoyenda nazo pomwe zili, lembani nambala, samutsani, kenako musinthe kutalikirana kwa zakutalizo mpaka nambala ija ibwerere. Mukalumpha zimenezi mapu amatuluka ngati bolodi la mabokosi akuda ndi oyera. Mvula ikagwa usiku, yezaninso mzere umodzi wa dzulo kuti mudziwe mmene zasinthira.

Rada: dongo, mchere ndi kufulumira kukhulupirira

Rada ya pansi, GPR, ndiyo imapereka kuya, ndipo n'chifukwa chake anthu amaikonda. Pa mchenga wouma, mlongoti (mbali yotumiza ndi kulandira mafunde) wa 400 MHz umaona mamita awiri kapena atatu. Pa dongo lonyowa kapena dothi la mchere, mafunde amamezedwa asanafike ndi theka la mita. Chithunzi chikakhala ndi mizere yamphamvu pamwamba n'kungokhala chipwirikiti m'munsi, kukweza mphamvu pa kompyuta sikuthandiza, mukungokuza phokoso. Mlongoti wa ma MHz ochepa umalowa mozama koma suona tinthu ting'onoting'ono. Yesani mizere iwiri kapena itatu musanayale gridi, makamaka podutsa chinthu chimene mukudziwa kuya kwake.

Rada imayeza nthawi, osati mamita. Mumpweya mafunde amayenda masentimita 30 pa nanosekondi (gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi), m'madzi pafupifupi 3 okha, m'dothi wamba pafupifupi 10, koma chinyontho chimasintha nambalayi kwambiri. Mukasiya nambala imene makina anabwera nayo, mukhoza kuuza okumba kuti chinthu chili pa mita imodzi pomwe chili pa masentimita 60, fosholo n'kuchiwononga. Pezani liwiro lenileni pa tsikulo, poyerekeza mauta amene miyala ndi mizu zimajambula pa chithunzi, kapena pokhoma ndodo yachitsulo m'khoma la dzenje pa kuya kodziwika. Udzu wautali udulidwe, chifukwa mlongoti ukanyamuka pansi mafunde salowa bwino. Mitengo, makoma ndi mawaya a m'mwamba amabwezanso mafunde, n'kuoneka ngati zinthu zakuya. Mauta ake amakhala otambalala kwambiri kuposa a zinthu za m'nthaka.

Za kufulumira kukhulupirira, phunziro lalikulu linachokera ku Durrington Walls komweko. Mu 2015 kunalengezedwa kuti rada yaonetsa miyala ikuluikulu yofika 90 itagona pansi pa chitunda cha malowo. Mu 2016 anakumba pa ziwiri mwa zizindikirozo, ndipo sanapeze mwala. Anapeza maenje aakulu amene munali mizati ya mitengo, yomwe inazulidwa, maenjewo n'kudzazidwa ndi zibuma za choko. Rada siinaname: panalidi chinthu cholimba chobweza mafunde, pamalo pomwepo, mu mndandanda womwewo. Chimene chinaphonya ndi dzina limene anthu anachipatsa. Awa anali akatswiri odziwa ntchito, ndipo anachita choyenera popita kukakumba kuti atsimikize. Ngati zinawachitikira iwo, ife tisamalembe "mwala" kapena "manda" pomwe tikanalemba "chinthu chobweza mafunde mwamphamvu, pa kuya kwakuti".

Madontho onyenga

Chitsulo chimene chili pafupi ndi pamwamba pa nthaka chimazindikirika msanga pa mapu a maginito: kadontho kakuthwa, kakuda ndi koyera mogundana, koloza mbali iliyonse. Nkhuti imakhala yofatsa, yotambalala, m'mphepete mwake mosalala. Musadalire chithunzi cha imvi chokha. Onani manambala ngati mizere yokwera ndi kutsika, chifukwa chitsulo chimabaya ngati singano pomwe dzenje limakwera ngati kachitunda. Mizere yowongoka yotalikirana mofanana ndi ya pulawo kapena ya mapaipi ochotsa madzi m'munda. Mzere wokhotakhota wotambalala nthawi zambiri ndi khwawa lakale. Pomwe panagwa mphezi pamatsala chizindikiro champhamvu chokhala ndi nthambi ngati nyenyezi. Kumayiko ozizira, ming'alu ya nthawi ya madzi oundana imapanga timabwalo tolumikizana tofanana ndi minda yakale.

Ovuta kwambiri ndi atatu: dzenje lotsala mtengo ukazuka ndi mizu, chitsa chimene chinapsa mpaka pansi, ndi chulu cha chiswe chophwasuka. Onsewa amafanana ndi nkhuti kapena pamoto, ndipo palibe pulogalamu imene ingawasiyanitse motsimikiza. Chimene chimathandiza ndi dongosolo. Chilengedwe chimamwaza, anthu amandandalika. Madontho 12 opanga bwalo ali ndi mawu kuposa dontho limodzi lokongola. Chinanso ndi kuyeza malo omwewo ndi njira yachiwiri: maginito ndi magetsi zikagwirizana pa malo amodzi, chikhulupiriro chimakwera, ndipo zikasemphana mwaphunzirapo kanthu za chimene chili pansipo. Funsaninso eni munda. Iwo amadziwa pomwe ankaotcha zinyalala ndi pomwe panali khola.

Takumba pomwe mapu anena, palibe

Musanaweruze makina, tsimikizani kuti mwakumba pamalo pake. GPS ya pafoni kapena ya pamanja imaphonya ndi mamita 3 mpaka 5, ndipo nkhuti ya mita imodzi singapezeke motero. Ngodya za gridi ziyezedwe ndi GPS ya akatswiri oyeza malo, yolondola mpaka masentimita ochepa, ndipo musiye zizindikiro ziwiri zosazuka m'mbali mwa munda. Onaninso ngati gridi siinatembenuzidwe poilowetsa mu kompyuta. Zimachitika mukayambira ngodya ina osalemba. Njira yodzitetezera ndi kuika kachitsulo pa ngodya imodzi yodziwika ya gridi yoyamba, kuti dontho lake likuuzeni kumene kuli kumpoto.

Malo akakhala olondola koma maso sakuona kanthu, musafulumire kukwirira. Pali maenje amene dothi lake limafanana mtundu ndi lozungulira, kusiyana kuli m'maginito mokha. Palani pansi bwino, wazani madzi, mudikire tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa madothi awiri amauma mosiyana ndipo malire amayamba kuoneka. Yendetsaninso magnetometer kapena kachipangizo kaja pamwamba pa pomwe mwapalapo. Chizindikiro chikasowa, chinali m'dothi lapamwamba limene mwachotsa. Chikakula, chikadali pansi.

Kumbukiraninso kuti kukumba kumawononga chimene kukufufuza, ndipo m'mayiko ambiri kumafuna chilolezo cha boma. Ku England ngakhale kuyenda ndi makinawa pa malo otetezedwa ndi lamulo kumafuna chilolezo.

Pokonza maenje oyesera, musawaike onse pa madontho. Ikani ena pomwe mapu ali mbuu. Mukangokumba pa madontho, mudzadziwa kuti makina analondola kangati, koma simudzadziwa zimene anaphonya, ndipo pa mabwinja a nthawi yakale zophonyedwazo nthawi zambiri ndi manda, maenje a mizati ndi zida zamiyala zomwazika. Lipoti lanu likhoza kukhala pepala lokhalo limene womanga msewu adzawerenge asanabweretse makina okumba. Ngati simunaone kanthu, lembani kuti njira yakuti, pa dothi lakuti, pa mizere yotalikirana mwakuti, nyengo ili yakuti, siinaonetse zizindikiro, ndipo mutchule mitundu ya zinthu zimene njirayo sikanatha kuziona pamalopo. Muwonjezere kuya kwa dothi kumene chiboolero chinapeza, ndi malo amene mukupempha kuti akumbidwe moyesera msewuwo usanadutse.